Mukamalemba za ngozi za ndege, muzitiuzanso zimene oyendetsa anachita

Akonzi,

Ndakhala ndikuwerenga nyuzipepala yanu kwa zaka zambiri, ndipo ndaona kuti ndege ikagwa kwina kulikonse, nkhani zanu zimathera pa chiwerengero cha omwalira ndi mawu achipepeso ochokera kwa akuluakulu. Zimene zinkachitika kutsogolo, kumene kumakhala oyendetsa, simutiuza. Ndiloleni ndikupatseni chitsanzo cha zimene timamanidwa.

Pa 19 July 1989, ndege ya United Airlines, ulendo nambala 232, inanyamuka ku Denver kulowera ku Chicago m'dziko la America itanyamula anthu 296. Inali DC-10, ndege ya mainjini atatu, awiri kumapiko, imodzi kumchira. Ili m'mwamba mamita opitirira 11,000, chitsulo chozungulira cha injini ya kumchira chinasweka. Chitsulocho chinali ndi chilema chochokera kufakitale komwe, mng'alu n'kumakula pang'onopang'ono amakaniko osauona. Zidutswa zake zinaboola mapaipi, mafuta a haidiroliki, amene amapereka mphamvu ku chiwongolero cha ndege, n'kutayika onse m'mizere yonse itatu. Amene munatsetserekapo ndi lole itataya mabuleki mukudziwa mmene m'mimba mumatenthera, koma apa n'zoposa: chiwongolero chinangosanduka chokongoletsa. Ndege inkapendekera kudzanja lamanja, ikukwera ndi kutsika yokha.

Kaputeni Al Haynes anazindikira msanga kuti chatsala n'chimodzi, mainjini awiri akumapiko aja. Akawonjezera moto kwina n'kuchepetsa kwina, ndege inkakhota. Akatswiri a kampaniyo ku San Francisco, atafunsidwa pa wailesi, analibe choyankha, chifukwa buku la malangizo silinkaganizira n'komwe kuti mizere itatu ingafe nthawi imodzi.

Mwa okwera munali Dennis Fitch, mlangizi wa oyendetsa DC-10, amene tsikulo sanali pantchito. Anatumiza mawu kuti angathe kuthandiza. Apa ndiye pamene pagona kalata yanga. Haynes anali ndi zaka zoposa 30 pantchito, ndipo akanatha kunena kuti mlendo akhale pampando wake, ndege ino ndi yanga. M'malo mwake anamuitana, kenako anamupatsa zogwirira za mainjini. Fitch anagwada pakati pa Haynes ndi wachiwiri wake William Records, dzanja lili kuno lina uko, pamene injiniya Dudley Dvorak ankalimbana ndi wailesi. Fitch anali atawerengapo za ndege ya Japan Airlines imene inataya haidiroliki mu 1985 n'kupha anthu 520, ndipo anali atayesererapo kuwongolera ndi mainjini okha pa makina ophunzitsira.

Anthu anayiwa anaisenza ndegeyo kwa mphindi pafupifupi 44 mpaka kuona bwalo la Sioux City, ku Iowa. Woyang'anira bwalo atawauza kuti atere pamsewu uliwonse woterapo ndege umene angafune, Haynes anaseka n'kumufunsa ngati akuumiriradi kuti ukhale msewu. Nthabwala pa nthawi ngati imeneyo! Anatsika pa liwiro la makilomita pafupifupi 400 pa ola, pamene loyenera ndi cha m'ma 260. Phiko lamanja linagunda pansi, ndege inayaka, inaduka zidutswa, chigawo china n'kukagwera chagada m'munda wa chimanga. Anthu 112 anamwalira, 184 anapulumuka, kuphatikizapo anayi aja. Oyendetsa ena atapatsidwa vuto lomweli pa makina ophunzitsira, ankalephera kutera bwino.

Haynes, amene anamwalira mu 2019, sankafuna kutchedwa ngwazi. Ankaloza mwayi, komanso maphunziro amene United inayambitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ophunzitsa kaputeni kumvera anzake ndiponso wamng'ono kulankhula osaopa. Ankalozanso anthu apansi: mu 1987 a ku Sioux City anali atayeserera zochita ndege yaikulu itagwa, ndipo ngozi inachitika pa nthawi yosinthana mashifiti m'zipatala, moti manesi ndi madokotala analipo ochuluka. Ineyo ndikuti kuyeserera kuja kusalowe m'gulu la mwayi, pakuti wina anachita kukonza.

Mbali imene imandiwawa ndi ya ana. M'ndegemo munali makanda anayi opanda mipando, ongonyamulidwa pamiyendo, ndipo malangizo a nthawiyo ankati aikidwe pansi makolo atawagwira. Mmodzi anamwalira. Jan Brown, mkulu wa othandiza okwera, amene anapereka langizolo, anatha zaka zambiri akumenyera kuti khanda lililonse lizikhala ndi mpando wake womangirira.

Malipoti a ofufuza ngozi amatuluka patapita miyezi, nthawi zina zaka, anthu ataiwala. Pempho langa ndi lakuti akatuluka, mupatse mtolankhani mmodzi ntchito yowawerenga, adzatifotokozere m'Chichewa.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Zomba