Pamene mzere umaboola sphere: ophunzira akuphonya pati?

Akonzi,

Tiloleni tiwongole zolakwika zomwe ophunzira calculus amachita pofunafuna pomwe mzere ukukumana ndi sphere, chinthu chobulungira ngati mpira.

Lembani mzerewo ngati P = A + tD, pomwe P ndi malo aliwonse pa mzerewo, A ndi poyambira, D ndi kumene ukulowera, ndipo t ndi nambala yomwe tikufuna kupeza. Ngati pakati pa sphere ndi C ndipo radius (mtunda wochokera pakati kufika m'mphepete) ndi r, lowetsani P mu |P − C|² = r², pomwe |P − C| ndi mtunda wochokera pa C kufika pa P. Mupeza at² + bt + c = 0, pomwe a = D·D, b = 2D·(A − C), c = |A − C|² − r² (kadontho ka · ndi dot product: chulukitsani manambala ofanana malo, kenako muphatikize zotsatirazo). Chotsatira cha b² − 4ac chikachepera ziro, mzere wadutsa pambali. Chikakhala ziro, wangokhudza. Chikaposa ziro, waboola pawiri.

Ambiri amangoti a ndi 1, koma zimenezo n'zoona pokhapokha kutalika kwa D kuli 1. Tengani A = (0, 0, −5), D = (0, 0, 2), C = (0, 0, 0), r = 3. Pamenepa a ndi 4: 4t² − 20t + 16 = 0, ndiye t ndi 1 kapena 4.

Ena amathera pomwepo, ngati t ndiye yankho. Ayi! Bwezerani t mu P kuti mupeze malowo: (0, 0, −3) ndi (0, 0, 3).

Aphunzitsi a masamu