Kalata kwa mnzanga wa ku Joni

Achimwene,

Uthenga wanu wa pa WhatsApp uja ndaumva kawiri, ndipo ndaona kuti sungayankhike ndi chala chimodzi. Kuno tonse tili bwino, kungoti Zomba wazizira, nkhungu yakuta phiri kuyambira Lolemba.

Mukuti zinthu zingofika poti zagweratu, kwacha isanduke pepala, boma likanike, ndiye anthu tidzayamba kugawana chilichonse mofanana, chikomyunizimu n'kumera chokha ngati bowa. Mwandikumbutsa mikangano yathu ya ku Chirunga ija. Koma ine zinthu zitagwa ndinazionako ndi maso.

Namondwe wa Freddy atawomba mu March 2023, ndinkathandiza pamsasa wina, pasukulu ya pulayimale cha kunsi uku kolowera ku Chilwa. Sabata yoyamba mukadabwera mukadati mwapambana mkangano. Mayi wina adapulumutsa ndowa imodzi ya ufa, n'kuikhuthulira mumphika wa onse osafunsa kuti mwana uyu ngwa yani. Wa Chisilamu ndi wa mpingo ankagona kalasi imodzi, chitenje chimodzi kufunda ana anayi. Panalibe changa kapena chako.

Ndiye idabwera lole ya thandizo. Matumba adawatsekera mu ofesi, padasankhidwa komiti, padalembedwa kaundula. Pofika sabata yachitatu, m'kaundulamo munali mayina a anthu amene nyumba zawo zinali chiimire, pomwe mayi wa ndowa ija dzina lake silinkapezeka. Wosunga kiyi adayamba kuyenda chonyang'wa, anthu akumupatsa moni wogwada. Mvula inali isanaleke n'komwe, achimwene, koma tinali titapeza kale bwana.

Mbiri nayo ikunena zomwezo. Ku Russia mu 1917 ufumu wa Tsar udagwadi, koma ulamuliro sudagwere m'manja mwa anthu onse. Adautola ndi a chipani cha Lenin, amene anali okonzeka kale ndipo anali ndi mfuti. Ku Somalia boma la Siad Barre litagwa mu 1991, chidamera si kugawana ayi, koma magulu a zigawenga, lililonse ndi msewu wake wolipiritsa.

Nanga kuti chikomyunizimucho chingayende chikakhazikitsidwa? Tisapite kutali. Nyerere wa ku Tanzania, munthu amene sindimukayikira mtima wake, adalengeza Ujamaa ku Arusha mu 1967. Anthu atazengereza kusamukira m'midzi ya pamodzi, pofika 1973 boma lidayamba kuwakakamiza, ndipo dziko lidafika pogula chimanga kunja. Samora naye ku Mozambique adasonkhanitsa anthu m'midzi yotere. Agogo ena amene adathawira kuno nthawi ya nkhondo ya Renamo adandiuza kuti kumunda wa boma khasu linkalemera, koma kudimba kwawo linkapepuka. Ngakhale ku China, mu 1978 alimi 18 a m'mudzi wa Xiaogang adasainirana mobisa kuti agawane munda wa gulu, banja lililonse lizilima pake. Zokolola zidakwera mpaka boma lomwelo lidatengera nzeru yawoyo.

Musandimve ngati ndikuikira kumbuyo zomwe tili nazozi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo mumsika wa Zomba idasintha tisanagone, ndipo amene adali ndi katundu m'nyumba zosungiramo adalemera ali khale. Mkwiyo wanu ndikuumvetsa, inu amene mumagwira ntchito usiku kuti mutumize ya feteleza.

Kugawana kumene ndimakuona kukuyenda ndi kwa banki mkhonde ya amayi a kunyumba kuno. Alipo 22, onse amadziwana mpaka khomo. Bokosi lawo lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo bokosilo limagona kwa wachinayi. Ndalama amawerenga pamphasa aliyense akuona, wochedwa amalipira chindapusa, wotopa nazo amatuluka akagawana mu December. Ndikawaonerera pakhonde ndimadzifunsa kuti bokosi la anthu oposa 20 miliyoni tingaliike maloko angati, ndipo wofuna kutuluka angatulukire kuti.

Mundiyankhe pamenepa, osati ndi mawu a m'mabuku aja. Mayi anu ndinawaona Lamlungu, mwendo uja wayamba kupola. Akuti jekete munalonjeza lija alilandire kuzizira kusanathe.

Ndine wanu,
Mnzanu wa ku Matawale