Dandaulo: filter ya malipoti ikuonetsa 0 ndi 1 m'malo mwa mawu

Inu eni pulogalamu ya malipoti yomwe timagwiritsa ntchito m'maofesi a ngongole, chonde tikonzereni filter. Munthu akafuna kusefa mamembala pa kolamu ya "wabweza ngongole", kabokosi kosankhira kamangotulutsa 0, 1 ndi mzere wina wopanda kanthu. Kalaliki woti wayamba ntchito sabata yatha adziwa bwanji kuti asankhe chiti?

Musanene kuti aliyense amadziwa kuti 1 ndi inde. Mu database ya MySQL kolamu ya inde kapena ayi (BOOLEAN) imasungidwa ngati nambala yaing'ono, TINYINT(1), ndipo inde ndi 1. Microsoft Access imasunga inde ngati -1. Mafomu ambiri a kafukufuku amalemba 1 pa inde, 2 pa ayi. Deta ikachokera kosiyanasiyana chonchi, nambala payokha siuza munthu kanthu.

Zimafika poipa pa makolamu a dzina lokana, monga is_inactive. Pamenepo 1 akutanthauza kuti membala anasiya. Munthu amasankha 1 poganiza kuti akutenga amene akadali m'gulu, lipoti n'kutuluka bwinobwino, opanda chenjezo lililonse, koma mayina ake ndi a anthu ena. Pepala lotero limakafika mpaka ku msonkhano wa komiti.

Mzere wopanda kanthu uja ndiye ukutidetsa nkhawa kwambiri. Ndi NULL, kutanthauza kuti yankho silinalembedwe. Mu SQL, chilankhulo chofunsira database, kusefa ndi = 0 kumasiya NULL kunja, ngakhale <> 1 (kutanthauza chosakhala 1) nayonso imawasiya. Tiyerekeze kuti mamembala alipo 500: a 1 ndi 320, a 0 ndi 150. Otsala 30 aja saoneka uku kapena uku, ndipo mwina ndi omwewo amene sanabweze ndalama.

Pakadali pano tikudzithandiza polemba lamulo la SQL la CASE WHEN mu lipoti lililonse kuti 1 akhale "Wabweza", 0 akhale "Sanabweze". Ndi ntchito yobwereza, wina amalemba mawu osiyana ndi mnzake, komanso tikasefa pa kolamu yowerengetsera yotere database nthawi zambiri sigwiritsanso ntchito index (kalozera wofulumizitsa kusaka), ndiye lipoti lalikulu limachedwa kutseguka.

Chomwe tikupempha si chachikulu ayi. Pamalo pokonzera kolamu iliyonse ya inde kapena ayi tipatseni mabokosi atatu olembamo mawu: la 1, la 0 ndi la NULL. Filter izionetsa mawuwo, koma ku database izitumiza nambala yeniyeni kuti liwiro lisatsike ndipo malipoti osungidwa kale asasokonekere. Mawu omwewo atulukenso pa tchati ndi pa fayilo ya Excel kapena PDF, chifukwa amene amawerenga mapepalawo sakhala pa kompyuta.

Tiyankheni pompano kuti ena aone nawo: kodi zimenezi zili pa ndondomeko yanu, ndipo zituluka mwezi uti?