Lipoti la Nthumwi pa Msonkhano wa ku Shyamnagar, Bangladesh

Wapampando, akomiti ndi mamembala nonse, munandituma kukamva mmene anzathu a m'mphepete mwa nyanja ku Bangladesh amakonzekerera madzi osefukira, ndipo ndabwerako ndi izi.

Msonkhanowo unachitikira ku Shyamnagar, dera lomwe iwo amalitcha upazila, locheperapo pa boma, ndipo lili m'boma la Satkhira kummwera chakumadzulo kwa dzikolo, kumalire ndi India. Gawo lalikulu la derali ndi nkhalango ya Sundarbans, pomwe anthu apanikizana kumpoto kwake, pa malo athyathyathya odulidwadulidwa ndi mitsinje ya madzi amchere. Anationetsanso Ishwaripur, komwe kunali likulu la mfumu Pratapaditya mpaka pomwe asilikali a ufumu wa Mughal anaigonjetsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600, koma sitinakhalitseko.

Kumeneko kulibe mafumu a ndodo monga tiwadziwira kwathu kuno. Ma upazila anakhazikitsidwa m'ma 1980 mu ulamuliro wa Ershad, mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, ndipo malamulo ake amati pakhale wapampando wosankhidwa ndi anthu pamodzi ndi mkulu wotumizidwa ndi boma, yemwe aliyense amangomutcha UNO. Pansi pake pali madera otchedwa union, lililonse lokhala ndi wapampando, mamembala asanu ndi anayi oyimira mawodi, komanso mipando itatu yosungidwira amayi. Mwa kuona kwanga, mphamvu yawo ili pa ma union amenewa, chifukwa ndiwo amadziwa khomo lomwe kuli nkhalamba yofunika kunyamulidwa chenjezo likaperekedwa.

Tsiku lachiwiri tinawoloka mtsinje wa Kholpetua pabwato kupita ku Gabura, union yomwe ndi chilumba. Madayiki a dothi omangidwa m'ma 1960 ndiwo amatchinga madzi, moti nditaima pamwamba pa dayiki madzi atakwera, mtsinje unali pamwamba kuposa mabwalo a nyumba za kuseri kwake. Namondwe wa Aila atagumula madayikiwo pa 25 May 2009, madzi amchere ankalowa ndi kutuluka m'midzi kwa miyezi yambiri, ndipo namondwe wa Amphan anagumulanso ena mu 2020. Amayi ena anatiuza kuti chiyambireni ulimi wa shrimp (tinyama ta m'madzi ta mtundu wa nkhanu), womwe umalowetsa madzi amchere m'minda, mpunga unayamba kukanika, ndipo madzi akumwa amadalira a mvula omwe amakinga m'mathanki ndi m'mitsuko.

Chomwe chinatenga nthawi yaitali pa zokambirana n'chakuti madayikiwo ali m'manja mwa bungwe la boma loona za madzi, osati khonsolo ya derali, kotero kuti pakagumuka usiku anthu eni ake ndiwo amathamangira ndi makasu, nsungwi ndi matumba a dothi.

Pokumbukira zomwe Freddy anatichita mu 2023, ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira tikambirane zolemba mayina a okalamba ndi olumala a mudzi uliwonse, komanso tisankhe anthu oyenda ndi zimkuzamawu monga amachitira odzipereka a kumeneko.