Musagulitse mtedza wonse, nsinjiro si zokometsera ndiwo chabe

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndilankhule ndi makolo anzanga amene mtedza ukangouma akuugulitsa wonse kwa mavenda, banja n'kutsala ndi nsima ya ufa woyera ndi mpiru wothira mchere basi.

Mapuloteni, chakudya chomanga thupi chimene mtedza uli nacho chambiri, amamangidwa ndi tizidutswa totchedwa ma amino acid. Mitundu yake ilipo 20, ndipo 9 mwa iyo thupi silingapange lokha, iyenera kuchokera m'chakudya. Chimanga chili ndi puloteni ndithu, koma yambiri ndi ya mtundu wa zein, imene ili ndi lysine ndi tryptophan wochepetsetsa, awiri mwa ma amino acid 9 aja. Mwana akhoza kukhuta mitanda iwiri, thupi lake n'kulepherabe kumanga minofu bwino.

Vuto la tryptophan limapitirira apo. Thupi limamugwiritsanso ntchito popanga niacin, yemwe ndi vitamini B3, ndipo pamafunika mamiligalamu pafupifupi 60 a tryptophan kuti papezeke miligalamu imodzi ya niacin. Munthu wamkulu amafuna mamiligalamu 14 mpaka 16 patsiku. Niacin wa m'chimanga alipo, koma ndi womangika, matumbo satha kumuyamwa. Ku Mexico amawiritsa chimanga m'madzi a laimu (njereza), zomwe zimamumasula. Kwathu kuno timakonola, gaga n'kupatsa nkhuku, mphale n'kuiviika masiku angapo, ndipo mavitamini a B osungunuka m'madzi amapita ndi matsukwa.

Mapeto ake ndi pellagra, matenda obwera chifukwa chosowa niacin m'thupi. Khungu limada ndi kusweka paliponse pamene dzuwa limawomba: kuseri kwa manja, pamapazi, ndi kuzungulira khosi ngati mkanda. Kenaka kutsegula m'mimba, ndiye kusokonezeka mutu kumene achibale amathamangira nako kwa asing'anga. Mu 1990 matendawa anagwira anthu oposa 17,000 mwa othawa nkhondo ya ku Mozambique amene ankakhala m'dziko muno, mtedza utasiya kufika pa chakudya chomwe ankagawiridwa.

Magalamu 100 a mtedza ali ndi niacin wokwana mamiligalamu 12 kapena kuposerapo. Nyemba, nandolo, khobwe ndi soya zili ndi lysine wochuluka amene chimanga chikusowa. Pa phala la mwana, sakanizani makapu anayi a mgaiwa ndi kapu imodzi ya ufa wa soya, monga mmene likuni phala limapangidwira. Koma soyayo ayambe wakazingidwa mpaka afiire ndi kutha fungo lauwisi. Wosapsa ali ndi zinthu zimene zimatsekereza trypsin, enzyme yogaya mapuloteni m'matumbo, ndiye mwana amangotupa m'mimba osapindula.

Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti mtedza wabwino umapita kumsika, wonyala ndi wachuku n'kukhala wa nsinjiro. Chukucho chimatulutsa aflatoxin, poizoni wowononga chiwindi, ndipo kuwiritsa sikumuchotsa. Sankhani kaye wa pakhomo, muusunge ndi makoko ake pamalo ouma, thumba lisakhudze pansi. Wotsalawo ndiye mugulitse.

Mlangizi wa za kadyedwe,
Dedza