Ogula nsomba tizifunsa komwe yachokera

Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga amene timagulira zakudya malo ogona alendo ndi malesitilanti kuno ku Senga Bay. Ambirife posankha wotibweretsera nsomba timangoyang'ana mtengo basi. Wotchipa ndiye wathu, ngakhale nsombayo itagwidwa ndi neti ya udzudzu.

Ine ndinasiya kugula kwa bambo wina nditapeza m'beseni mwawo muli kasawala (chambo chaching'ono) wosakwana ndi chikhatho chomwe, mwezi wa Novembala, pamene boma limaletsa makoka kuti chambo chiswane. Mtima unandiwawa. Abwana anandikalipira chifukwa msodzi amene ndinasankha m'malo mwawo ndi wokwererapo mtengo. Komatu ameneyu doko lake ndimalidziwa, maso a ukonde wake ndinawaona ndekha, ndipo nyanja ikatsekedwa amanena poyera kuti chambo palibe, tiphike zina. Panopa ndisanagwirizane ndi aliyense ndimayamba ndafika kudoko m'mamawa, mabwato akamakocheza, n'kufunsanso a komiti ya padoko ngati munthuyo amasunga malamulo.

Ku Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira, asodzi amachoka pachilumba dzinja lililonse kuti nsomba zichulukane. Iwo akudzimana chonchi, ife tizilemeretsa ophwanya malamulo?

Makala nawonso, wobweretsa azionetsa chiphaso, poti nkhalango ya Thuma yavutika kale.

Ndikupempha ofesi yoona za usodzi ku Salima izitipatsa mayina a asodzi olembetsedwa, kuti tizidziwa woti tizigula kwa iye.

Wophika wodandaula,
Senga Bay, Salima