Kalata Yotseguka kwa Mkulu Woyang'anira Ndalama za Kafukufuku wa Sayansi

Wolemekezeka Bwana,

Ndikulemba poyera chifukwa makalata amene takhala tikutumiza ku ofesi yanu kuchokera kuno ku Mzuzu, opempha ndalama za zipangizo za kafukufuku wathu woyeretsa madzi ndi titanium dioxide, sakuyankhidwa.

Titanium dioxide ndi ufa woyera umene, ukawombedwa ndi kuwala, umaphwanya zonyansa za m'madzi ndi kupha tizilombo toyambitsa matenda. Vuto lake ndi lakuti umadalira kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa UV, komwe ndi magawo pafupifupi 5 okha pa 100 a kuwala kwa dzuwa. Mu 2001, wasayansi wina dzina lake Asahi ndi anzake ku Japan anasonyeza kuti kulowetsa nayitrojeni mu ufawu kumauchititsa kugwiranso ntchito ndi kuwala kooneka ndi maso, ndipo nayitrojeniyo imapezeka ngakhale mu urea, feteleza amene mlimi aliyense amamudziwa.

Bwana, bwerani mudzaone nokha. Wophunzira amasakaniza ufawu ndi urea, n'kuuika m'ng'anjo kuti utenthe pa madigiri 400 mpaka 500 kwa maola angapo. Magetsi akathima ntchito ili mkati, ufa umatuluka wamawangamawanga, kwina wachikasu kwina wotuwa, ndipo mwanayo amaukokolola n'kuutaya misozi ili m'maso, poti mankhwala ena anagula ndi ndalama za m'thumba mwake. Ngakhale utatuluka wachikasu bwinobwino monga timafunira, mtundu wokha si umboni woti ufawo ugwira ntchito, pakuti nayitrojeni ikachulukitsa mphamvu ya ufawu imatsika, ndipo kutentha kukapyola muyeso nayitrojeniyo imathawa. Makina oyezera mmene ufa ukuyamwira kuwala anafa kalekale, mankhwala amafika mochedwa, ophunzira aluso akusiya.

Munatilonjeza zipangizo, mukunena kuti miyala ya Malawi isamatuluke yaiwisi. Ku Kasiya kuli rutile wochuluka, amene ndi titanium dioxide yemweyu, koma ife tikulephera kuyeza ngakhale supuni imodzi ya ufa. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700, ndipo mabanja ambiri mumzinda uno akumwabe madzi a pazitsime zosatetezedwa. Sindikunena kuti ufawu ulowa m'malo mwa klorini mawa lino, koma sitingadziwe kuti ungathandize motani ngati sitiuyesa pa madzi athu ndi dzuwa lathu.

Mwaulemu wonse, tulutsani ndalama zimene munalonjeza kuti tigule makina oyezera kuwala ndi jenereta ya ng'anjo, ndipo mutiyankhe polemba, mutchule tsiku lenileni.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa chemistry, Mzuzu